Mitundu ya pa sikirini: kukongola pakokha sikukwanira

Tsegulani laputopu pakhonde masana a Okutobala pa Migowi: zilembo zotuwa pa sikirini yakuda zimangosowa. Usiku magetsi akathima, sikirini yoyera ndiye imakuthobwani m'maso.

Ndiye achinyamata a ku Phalombe amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, musamangotengera mitundu poti yakongola. Mu VS Code mutha kukonza yanuyanu mu settings.json. Tengerani nzeru pa Solarized, yomwe Ethan Schoonover adatulutsa mu 2011: mitundu 16 yokha, koma ilipo yowala ndi yakuda. Malangizo a WCAG amati kuwala kwa zilembo kusiyane ndi kwa pomwe zakhala ndi 4.5:1 kapena kuposa.

Mukakonza, kayeseni padzuwa, muyesenso mumdima. Maso alibe sipeya, abale.