Chithunzi Chili Kwina, Kaundula Ali Kwina

Ambirife tikaona wojambula atakhala pa kompyuta ukwati utatha, timaganiza kuti akungosalaza nkhope za anthu. Koma ali ndi ntchito ziwiri: kukonza zithunzi, ndi kuzisunga mwadongosolo kuti zidzapezeke. Mapulogalamu monga Adobe Lightroom, yomwe idatuluka mu 2007, ndi Capture One ya ku Denmark, adapangidwira ntchito ziwirizi.

Tiyambe ndi zomwe kamera imatipatsa. Chithunzi cha mtundu wa JPEG chili ngati nsima yophikaphika: kamera yasankha kale kuwala ndi mitundu, zotsalazo n'kutaya. Makamera a akatswiri amathanso kusunga fayilo ya RAW, yomwe ili ngati ufa. Canon amaitcha CR3, Nikon NEF, Sony ARW. JPEG imagawa kuwala kwa mtundu uliwonse m'magawo 256 okha, pamene RAW ya 14-bit imafika 16,384. N'chifukwa chake diresi la mkwatibwi likawala mopitirira padzuwa, pa RAW timatha kubweza maluwa ake osokedwa, koma pa JPEG nthawi zambiri amakhala atafufutika.

Tikatsegula RAW mu Lightroom Classic, pulogalamuyi siikhudza fayiloyo. Tikawonjezera kuwala kapena kudula m'mbali, imangolemba malangizo athu mu kaundula wake. Chithunzi chokonzedwa chimabadwa pokhapokha tikalamula kuti chituluke ngati fayilo yatsopano. Choncho tikhoza kubwerera pachiyambi ngakhale patapita zaka. Kaundula yemweyo amasunganso nyenyezi zomwe tapatsa chithunzi, kuyambira 1 mpaka 5, ndi mawu ochifufuzira. Tikalemba "chinkhoswe", zithunzi zonse zomwe tidazipatsa mawuwo zimabwera nthawi yomweyo.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Kaundula sasunga zithunzi zenizeni. Amangodziwa foda yomwe zili, monga momwe kaundula wa sukulu ali ndi maina a ana koma anawo ali m'kalasi. Tikasamutsa foda popanda kudzera mu pulogalamuyi, imatiuza kuti zithunzi zasowa, mpaka titaisonyeza malo atsopano. Kaundula akawonongeka, zithunzi zimatsala koma ntchito yozikonza yapita. Disiki ya zithunzi ikafa, kaundula amatsala ndi timakope toonera chabe.

Tichite chiyani tsono? Choyamba, tisunge zonse ziwiri, zithunzi ndi kaundula. Wojambula wina wa ku America, Peter Krogh, adatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi ikhale kunyumba ina kapena pa intaneti. Kachiwiri, tiuze pulogalamu kuti izilembanso malangizo athu m'timafayilo ta XMP pambali pa chithunzi chilichonse cha RAW, kuti kaundula akatayika tisayambirenso. Kachitatu, tisafufute kadi ya kamera tisanatsegule makopewo n'kuona kuti alidi bwino.

Lightroom imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo kwa wophunzira ndalamayo ndi yolemera. Koma darktable ndi RawTherapee ndi zaulere, ndipo nazonso sizikhudza fayilo yoyamba. Tikhoza kuphunzirirapo tisanalipire kanthu.

Banja likatidalira kuti tijambule ukwati wawo, latisungitsa tsiku lomwe silidzabweranso. Mitundu ikalakwika tidzakonza mawa, koma fayilo yotayika palibe pulogalamu yomwe ingaijambulenso.