Ojambula mtima: ntchito yoyeza mtsempha usanang'ambike

Pa chipatala cha boma cha Mzimba ndi ku Embangweni, chipatala cha Sinodi ya Livingstonia, odwala sadziwa maina a anthu owajambula. Amangoti "a ku ekisileyi" kapena "a ku sikani". Ambiri a ojambulawa adaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo sagwira ntchito asanalembetse ku Medical Council of Malawi. Tsiku lawo limathera pa mafupa othyoka, zifuwa zoganiziridwa TB ndi amayi oyembekezera. Akajambula mtima, chomwe amapeza kawirikawiri ndi mavavu oonongeka ndi zilonda zapakhosi za paubwana, kapena mtima wokula chifukwa cha BP. Koma pali odwala ena ochepa omwe moyo wawo umadalira kuti wojambula ayeze molondola mtsempha umodzi wokha.

Mtsemphawo ndi aorta, waukulu kuposa yonse, umene umatulutsa magazi mumtima. Mwa anthu ena minofu yogwira mafupa, maso ndi mitsempha imakhala yofooka chibadwire. Matenda odziwika kwambiri a mtunduwu amatchedwa Marfan, potengera dzina la Antoine Marfan, dokotala wa ana wa ku France yemwe adawafotokoza mu 1896. Mu 1991 akatswiri adapeza kuti gwero lake ndi jini yotchedwa FBN1. Matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 5,000, ndipo mwana aliyense wa wodwala akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka. Aorta wa munthu wotere amafufuma pang'onopang'ono osapweteka, mpaka tsiku lina n'kung'ambika. Umu ndi momwe adafera Flo Hyman, katswiri wa volebo wa ku America, masewero ali mkati ku Japan mu 1986.

Ntchito imayambira kwa kiliniko ofesa wa maso akuthwa, kaya pa Jenda kaya pa Edingeni. Iye akaona wachinyamata wamtali mopitirira, wa zala zazitali zoonda, chifuwa cholowa kapena chotuluka, msana wopindika ndi maso osaona patali, amamuuza kuti atambasule manja. Ngati kuchoka kunsonga ya dzanja lina kufika ku lina n'kutali kuposa msinkhu wake, amafunsa za kubanja: kodi alipo adamwalira mwadzidzidzi ali wamphamvu? Funsoli silophweka pamudzi pomwe imfa yotere imaganiziridwa kuti ndi ya anthu, ndipo wachipatala wochokera kummwera ayenera kulifunsa m'Chitumbuka chaulemu.

Ekisileyi ya chifuwa imatha kubisa vutoli, chifukwa tsinde la aorta limakwiririka m'chithunzi cha mtima. Choncho pamafunika eko, sikani ya mtima, yomwe Inge Edler ndi Hellmuth Hertz adayamba kuigwiritsa ntchito ku Lund, Sweden, mu 1953. Wodwala amagonera kumanzere, wojambula amapaka mafuta pachifuwa n'kufunafuna mpata pakati pa nthiti. Apa mpomwe pamaonekera luso. Akapendeketsa dzanja pang'ono, mtsempha umaoneka waukulu kuposa momwe ulili, banja n'kuchita mantha pachabe. Akayeza malo olakwika, amatsanzika munthu yemwe ali pangozi. Kwa munthu wamkulu wabwinobwino tsindelo kawirikawiri silifika masentimita 4. Likafika 5 mwa wodwala Marfan, madokotala amalangiza opaleshoni, ndipo kwa mayi wofuna kutenga pathupi nkhawa imayamba lisanafike pamenepo.

Chithunzi chimodzi sichikwanira. Muyeso umafunika chaka ndi chaka, pamalo omwewo, ndipo ulembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo kuti wojambula wina adzaone ngati mtsempha ukukula. Pofuna kuona aorta yense pamafunika CT kapena MRI, makina a m'zipatala zikuluzikulu. Wodwala wa ku Mzimba amatumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, ndipo ofunika opaleshoni ya mtima ambiri boma lakhala likuwatumiza ku India. Podikira, mankhwala monga atenolol ndi losartan amachedwetsa kufufumako, ndipo wodwala amaletsedwa kusenza katundu wolemera, uthenga wowawa kwa mlimi wa fodya ndi chimanga.

Wojambula wabwino salekera pa munthu amene wagona pabedi. Amaitanitsa makolo, abale ndi ana ake kuti nawonso ayezedwe. Ku Mzimba izi zimavuta, poti mabanja ambiri ali ndi anyamata ku Joni, komwe ena amagwira ntchito zomanga ndi kunyamula zolemera. Uthenga wa pa WhatsApp wowauza kuti akajambulitse mtima kumeneko ndi mbali ya ntchito yomweyi, ngakhale sulembedwa m'kaundula aliyense wa chipatala.