Mgolo wowambira nsomba: yang'anani chitsulo musanayang'ane mtengo

Pa msika wa Songani, m'mbali mwa msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, mlamba wowamba sukhala ndi mtengo umodzi. Milamba iwiri yofanana kukula, yogwidwa tsiku limodzi pa Nyanja ya Chilwa, imatha kusiyana mtengo kwambiri. Wina umakhala wofiirira bwino, wouma ndi wosathyoka, ndipo wogula akangoununkhiza sanenerera nthawi yaitali. Winawo umakhala wakuda ndi mwaye, wopserera kumimba, mutu uli lende. Wotere umathera pamulu wa zidutswa zimene zimagulitsidwa madzulo pamtengo wongotaya.

Nthawi zambiri kusiyanaku kumayambira pa chowambira. Amalonda ambiri amene amapikula nsomba zaziwisi ku madoko monga Kachulu amawambira pa waya woyala pamwamba pa dzenje kapena pa njerwa zosanjikiza. Mphepo ikawomba, moto umayakira mbali imodzi, utsi umathawa ndipo nkhuni zimatha msanga. N'chifukwa chake ena amakonda mgolo wachitsulo wa malita 200, umene owotcherera amausandutsa uvuni. Ku America migolo yomweyi anthu amawambiramo nyama kuseri kwa nyumba pongofuna kusangalala. Kuno nkhani yake ndi ya mpamba, ndipo wosankha mgolo molakwika amalipira kawiri.

Chifukwa chiyani mgolo?

Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi ndi Likangala. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anathawanso mpaka mabwato kukhala pamatope. Madzi akabwerera m'mbuyo, malo okochezera mabwato amasuntha, asodzi n'kusamuka. Uvuni wa njerwa sungatsatire asodzi, koma mgolo umakwera pa njinga kapena pa ngolo.

Ubwino wina ndi wakuti mgolo umatsekera kutentha ndi utsi malo amodzi, choncho nkhuni zochepa zimagwira ntchito imene pa dzenje imafuna mtolo waukulu. Umateteza nsomba ku fumbi, ntchentche ndi agalu, komanso kamvula kowaza sikazimitsa moto.

Funso loyamba: munali chiyani?

Mgolo uliwonse wogulitsidwa pa msika unagwirapo kale ntchito ina. Wogula asanafunse mtengo, afunse zimene zinali m'katimo ndipo awerenge zolembedwa kunja kwake. Wabwino koposa ndi umene munali zakudya, monga mafuta ophikira. Umene munali mankhwala a mbewu, mankhwala ophera tizilombo kapena a m'fakitale ndi wosayenera ngakhale utaperekedwa ulere, chifukwa kutsuka kapena kuwotcha sikupereka chitsimikizo chakuti poizoni watha. Mgolo wofufutidwa zolemba, umene wogulitsa sakudziwa kumene unachokera, ndi bwino kuusiya.

Migolo ya oyilo ndi dizilo ndiyo imapezeka kwambiri, koma ili ndi zoopsa ziwiri. Choyamba, mpweya wa mafuta wotsalira m'kati umatha kuphulika pamene wowotcherera akudula ndi makina otulutsa moto. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba watsegula zitsekerero, kuutsuka ndi kuudzaza madzi asanadule. Chachiwiri, fungo la mafuta limalowa mu nsomba, ndipo kasitomala amene wadya makumba onunkha dizilo sabwereranso pa benchi imeneyo.

Mgolo uliwonse, ngakhale wa zakudya, uyenera kuwotchedwa wopanda kanthu ndi moto waukulu mpaka penti yonse ya kunja ndi ya m'kati itayoyoka. Ukazizira, ukwechedwe ndi burashi ya waya, utsukidwe, kenako upakidwe mafuta ophikira pang'ono m'kati kuti dzimbiri lisalowe msanga. Mgolo wonyezimira ngati malata a denga usagulidwe: chitsulo chotere chimakutidwa ndi zinki, amene akatentha kwambiri amatulutsa utsi wodwalitsa.

Kukhuthala kwa chitsulo

Migolo imafanana maonekedwe koma imasiyana kulemera. Njira yachidule ndi kuinyamula iwiri motsatizana: wolemera ndiwo wokhuthala, ndipo umasunga kutentha mofanana mbali zonse. Wopepuka umatentha msanga, kuzizira msanga ndi kubooka msanga. Wogula adinikize chala chachikulu pambali. Chitsulo chikamalowa ndi kubwerera mosavuta, ndi chopyapyala. Ayang'anenso pansi ndi m'mphepete mwa msoko, pamene madzi amakhazikika. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi burashi, koma limene likusendeka ngati makungwa ndi chizindikiro chakuti mgolowo watsala pang'ono kutha.

Woimirira kapena wogoneka?

Apa zimatengera malonda a munthu. Wowotcha kanyenya, nkhuku kapena soseji amafuna mgolo wodulidwa m'litali n'kugonekedwa pa miyendo, chifukwa nyama imafunika kukhala pafupi ndi makala, ndipo malo otembenuzira amakhala aakulu. Wowamba nsomba amafuna woimirira. Mgolo wa malita 200 ndi wotalika pafupifupi masentimita 88 ndipo kukamwa kwake ndi masentimita pafupifupi 57. Kutalikako ndiko kumapereka mpata pakati pa moto ndi nsomba.

Waya woyamba ukhale pafupifupi theka la mita kuchokera pa moto. Ukayandikira kwambiri, khungu la nsomba limapsa ndi kuuma m'kati muli madzi, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu nsomba imayamba kununkha, mphutsi n'kulowa. Pamwamba pa waya woyamba pakhoza kukhala wina mmodzi kapena awiri. Owotcherera ena amalumikiza mgolo ndi theka la unzake kuti malo achuluke.

Mgolo wabwino umakhala ndi kakhomo pansi kolowetsera nkhuni, kokhala ndi chitseko chimene chimatha kutsekedwa pang'ono kapena kwambiri. Pamwamba pakhale chivundikiro chokhala ndi mabowo ochepa. Zinthu ziwirizi ndizo zimalamulira moto: mpweya ukachuluka malawi amakwera, ukachepa moto umanyeka pang'onopang'ono. Chivundikiro chopanda bowo chimatsekera chinyezi, nsomba n'kukhala ngati yophika.

Mlamba uli ndi mafuta ambiri. Mafutawo akamadonthera pa moto, malawi amabuka ndipo utsi wakuda umamatirira pa nsomba. Utsi wotere umawawitsa nsomba komanso uli ndi zinthu zimene akatswiri a zaumoyo amati zimatha kuyambitsa khansa. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: chitsulo chobooledwa m'mbali, choikidwa pakati pa moto ndi waya woyamba, chimene chimalandira mafuta ndi kumwaza kutentha. Wogula apemphe wowotcherera kuti achiikiretu, chikhale chochotseka kuti chizitsukidwa.

Waya nawo ukhale wochotseka, wokhala ndi zogwirira, kuti wa pansi uzisinthana ndi wa pamwamba popanda kugwira nsomba imodziimodzi. Nsomba zambiri zimathyoka pa nthawi yotembenuza. Kupaka mafuta ophikira pang'ono pa waya kumathandiza kuti khungu lisamatirire.

Makala kapena nkhuni?

Makala amapereka kutentha kokhazikika koma utsi wake ndi wochepa, choncho paokha sabweretsa mtundu wofiirira umene ogula amaufuna. Alinso ndi nkhani ya malamulo: lamulo la za nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa owotcha ndi ogulitsa makala opanda chilolezo, ndipo nkhalango za Zomba ndi Malosa, zimene zili pamwamba pa Songani, ndi zotetezedwa. Mitengo ikatha m'mapirimo, mitsinje imene imadyetsa Chilwa imadzaza mchenga, ndipo wovutika pomaliza ndi wogulitsa nsomba yemweyo.

Mgolo wotsekeka bwino umalola kugwiritsa ntchito zinthu zimene pa dzenje zimangolilima n'kutha: zitsononkho za chimanga, nthambi zouma za mango, kapena utuchi wa mitengo yolimba wowaza pa makala a moto. Zidutswa za paini zochokera kwa ocheka matabwa zili ndi utomoni umene umadetsa ndi kuwawitsa nsomba. Matabwa opaka penti, mapulasitiki ndi matayala asayandikire n'komwe, ngakhale poyatsira moto.

Masamu a mpamba

Mtengo weniweni wa mgolo umadziwika pophatikiza zinthu zinayi: mgolo wokha, ntchito ya wowotcherera, waya ndi zitsulo, komanso mayendedwe. Zimenezi zigawidwe ndi maulendo amene mgolowo ungawambe usanabooke. Wotchipa umene watha m'nyengo imodzi umadya ndalama zambiri kuposa wodula umene wakhala zaka zingapo.

Kenako wamalonda awerenge zimene akupulumutsa. Mwachitsanzo, ngati mwa milamba 100 yowamba pa dzenje, 10 imathyoka kapena kupserera n'kugulitsidwa pa theka la mtengo, ndiye kuti ulendo uliwonse amataya ndalama za milamba 5. Akaonjezera mitolo ya nkhuni imene mgolo ungachepetse, adziwa kuti pafunika maulendo angati kuti ndalama yake ibwerere. Akumbukirenso miyezi ya mvula imene boma limatseka nyanja kuti nsomba ziswane. Nthawi imeneyo mgolo usungidwe pouma, wochotsedwa phulusa, chifukwa phulusa lonyowa limadya chitsulo.

Mgolo suyenera aliyense. Wogulitsa matemba, amene ambiri amayanikidwa padzuwa, angapindule kwambiri ndi thandala labwino lokwera. Wowamba madengu ambiri tsiku lililonse pamalo amodzi adzaona kuti mgolo ndi wochepa. Wotere aganizire uvuni wa njerwa wokhala ndi mathireyi osanjikiza, wonga wa Chorkor umene unayambira ku Ghana mu 1969, kapena alowe m'gulu logwiritsa ntchito uvuni umodzi. Alangizi a dipatimenti ya za usodzi ku Zomba angathandize pa kamangidwe kake. Mgolo umakomera amene amapikula dengu limodzi kapena awiri, amene amasamuka ndi asodzi, kapena amene akuyamba kumene ndi mpamba wochepa.

Asanamalize kulipira, wogula apangane ndi wowotcherera kuti ayatse moto muuvunimo onse akuona. Utsi ukamatulukira m'misoko m'malo mwa mabowo a chivundikiro, kapena chitseko chikamakana kutsekeka chitsulo chitatentha, zikonzedwe pomwepo ndalama yotsala isanaperekedwe. Ulendo woyamba awambe nsomba zochepa zodya pakhomo. Zikamveka fungo la penti kapena mafuta, mgolowo uwotchedwenso usanalandire nsomba za malonda.