Vakabu inagwa ku khothi, koma ku Senga Bay tikuiopabe

Kuno ku Senga Bay ntchito yambiri imagwiridwa anthu a m'tauni ali m'tulo. Mwezi ukalowa mumdima, alovi amakankha maboti madzulo, siginala n'kuyatsa nyali zake pamadzi kuti usipa usonkhane, ndipo chilimira chimakokedwa mpaka mbandakucha. Kumtunda nakonso anthu sagona. Ikamakwana 3 koloko, amayi ogula nsomba amakhala ali kale panjira, mabeseni kumutu, ndalama atamangirira pansonga ya chitenje, kuthamangira kudooko la Nguwo kuti maboti akamakocheza awapeze alipo. Anyamata a kabaza amawatsatira. Posakhalitsa kumzikiti aitana, Asilamu n'kutuluka ndi matochi kupita kukaswali, n'kumapatukirana ndi Akhristu amene akuchokera ku mapemphero a usiku wonse.

Mpaka chaka cha 2017, aliyense mwa anthu amenewa akanatha kugona m'chitokosi chifukwa chongopezeka panjira nthawi imeneyo. Mlandu wake tonse timaudziwa ndi dzina lakuti vakabu.

Unkachokera m'gawo 184(1)(c) la Penal Code, buku la milandu ndi zilango limene atsamunda anatisiyira kuyambira m'ma 1930, iwonso atatengera ku lamulo la ku England la mu 1824 lothana ndi anthu oyendayenda. Gawolo linkati munthu wopezeka pamsewu, pafupi ndi nyumba kapena pamalo alionse a anthu onse, pa nthawi ndiponso m'njira yopangitsa kuganiza kuti wabwera ndi cholinga choipa, ndi wolakwa. Chilango chake chinali kufika miyezi 6 kundende kwa wolakwa koyamba, ndi miyezi 18 akabwereza. Taonani bwino pamenepa: sipankafunika kuti munthu waba, wathyola nyumba kapena wamenya mnzake. Chinkafunika n'chakuti wapolisi aganize. Ndipo wapolisi akamaganiza usiku, sayang'ana amene wadutsa pagalimoto kupita ku hotela ya kugombe. Amayang'ana wapansi, wovala zigamba, wonunkha nsomba.

Amene anagwetsa gawo limeneli sanali wandale kapena pulofesa. Anali Mayeso Gwanda, venda wogulitsa majumbo ku Limbe. Mu March 2015 apolisi anamugwira ku Blantyre cha m'ma 3 koloko m'mawa akupita kumsika ndi katundu wake, n'kumutsekera masiku atatu. Ambiri zikatere amavomera mlandu, kulipira chindapusa, n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Iye anakana. Mothandizidwa ndi bungwe la CHREAA ndi la Southern Africa Litigation Centre, loya wake Mandala Mambulasa anatengera nkhaniyi ku Khothi Lalikulu. Pa 10 January 2017 oweruza atatu, a Michael Mtambo, a Zione Ntaba ndi a Sylvester Kalembera, anagamula kuti gawolo likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, choncho n'lopanda mphamvu. Anati limanyazitsa ulemu wa munthu, limasala osauka, komanso mawu ake ndi otambalala kwambiri moti munthu sangadziwe chimene akuletsedwa kuchita.

Mfundo yomalizayi ndi imene ine ndimaigwiritsa kwambiri. Lamulo la milandu liyenera kuuza munthu poyera kuti ichi usachite. Msodzi amadziwa kuti kukoka khoka nthawi yotseka nyanja n'kulakwa, amadziwa kuti neti ya udzudzu ndi yoletsedwa m'madzi. Akagwidwa angadandaule, koma sanganene kuti samadziwa. Nanga mayi wa beseni akanapewa bwanji vakabu? Akanasintha chiyani pa kayendedwe kake kuti asaoneke wokayikitsa? Njira yokhayo inali kukhala m'nyumba mpaka kuche, ndipo kukacha usipa wabwino umakhala utapita kale pa mathandala a ena.

Mayi wina amene timakhala naye pafupi anandifotokozera momwe zinamuchitikira zaka za m'mbuyomo, ali paulendo wokagulitsa usipa wouma m'tauni. Anafika usiku, nagona pakhonde la sitolo pafupi ndi depoti atatsamira matumba ake, monga amachitira amalonda ambiri. Chipikisheni cha apolisi chinamupeza pomwepo. Chimene amakumbukira kwambiri si kuzizira kwa simenti ya m'chitokosi ayi, koma matumba aja amene anatsala panja opanda mwini, ndi mawu a mnzake wa m'chitokosimo akuti, "Mayi, mukangovomera mawa muli kwanu, mukakana mupita ku rimandi." Anavomera. Mpamba wake wonse unathera pa chindapusa ndi nsomba zosowa, ndipo m'mabuku a boma analembedwa ngati munthu amene anapezekapo wolakwa.

Chipikisheni chili ngati khoka la maso ang'onoang'ono: limatenga chilichonse, kusankha n'kwa kumtunda. Nachonso chinafika ku khothi. Mu 2018 apolisi ku Kasungu anasesa gulu la anthu usiku m'malo omwera mowa, n'kuwazenga mlandu pogwiritsa ntchito gawo loyandikana nalo, 184(1)(b). Atatu mwa iwo anakadandaula, ndipo mu 2022 a Ntaba omwewo anagamula kuti kugwira anthu mwachisawawa chotero, osawauza chimene alakwa, kenaka n'kuwakakamiza kuvomera, n'kuphwanya malamulo. Kunja kwa dziko lino, khothi la ufulu wa anthu la mu Africa lomwe lili ku Arusha linapereka maganizo ake pa 4 December 2020 kuti malamulo onse a mtundu wa vakabu sagwirizana ndi pangano la ufulu wa anthu la mu Africa.

Sindikunena kuti apolisi asamayende usiku. Ife a kunyanja timawafuna kwambiri. Mainjini a maboti amabedwa, maukonde amasowa pamchenga, ndipo mayi woyenda ndi ndalama mumdima ndiye woyamba kukumana ndi achifwamba. Wapolisi akaona munthu akusegula loko wa sitolo ya eni ake, kapena wasenza injini osatha kulongosola kumene waitenga, malamulo amamupatsa mphamvu zonse zomugwira, ndipo milandu ya kuba ndi kuthyola nyumba ilipo m'buku la Penal Code lomwelo. Chimene makhothi anakana n'kugwira munthu chifukwa cha ola limene wayenda ndi maonekedwe ake.

Pali mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri, ya chipembedzo. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wopembedza, ndipo gawo 39 limapereka ufulu woyenda m'dziko muno. Kwa ife maufulu awiriwa amayendera limodzi. Swala ya m'bandakucha siyembekeza dzuwa. M'mwezi wa Ramadan anthu amabwerera mochedwa kuchokera kumzikiti. Maliro timachezera usiku, makwaya n'kumabalalika tambala atalira. Munthu amene akuopa kugwidwa panjira ya kumzikiti kapena ya kutchalitchi, ufulu wake wopembedza wachepa kale ngakhale palibe amene wamuletsa kupemphera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chigamulo cha Gwanda sichinafike kudooko. Mpaka lero umamva mayi akuuza mwana wake kuti asatuluke, angamugwire vakabu, ndipo wogwidwa amathamangira kutulutsa kangachepe m'thumba asanafunse n'komwe chimene walakwa. Ochepa ndi amene amadziwa kuti gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limalamula kuti wogwidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya, komanso kuti aonekere ku khothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khothi likhale ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wopanda ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Makomiti a m'madooko amasonkhana kawirikawiri kukambirana za maukonde oletsedwa ndi ukhondo wa pamchenga, mafumu ndi alangizi a zausodzi ali pomwepo. Ndikanakonda pamisonkhano yomweyo azibwerapo wapolisi wa m'dera ndi munthu wodziwa malamulo, anene m'Chichewa ndi m'Chiyao, amayi a mabeseni akumva, kuti gawo 184(1)(c) linachotsedwa mphamvu ndi khothi. Aphungu nawonso ali ndi ntchito yotsala, poti gawo 180 la Penal Code, lokamba za anthu ongokhala ndi osokoneza, linachokera m'malamulo akale omwewo a ku England, ndipo mawu ake enanso amasiyira wapolisi kuganiza yekha amene akuoneka wolakwa.