Matenda a Kukhumudwa Pakati pa Ophunzira Udokotala

Ku Parktown, dera loyandikana ndi Hillbrow mumzinda wa Johannesburg, kuli sukulu ya udokotala ya Yunivesite ya Witwatersrand, kumene ophunzira amaphatikiza mayeso ndi ntchito yotopetsa m'chipatala cha Charlotte Maxeke. Moyo wotere ungakhudze maganizo a ophunzira. Kafukufuku amene magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza mu 2016, wophatikiza zotsatira za m'mayiko oposa 40, anapeza kuti ophunzira udokotala 27 mwa 100 alionse amakhala ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, kutanthauza chisoni chosachoka kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, chimene chimalanda munthu tulo, chilakolako cha chakudya ndi chidwi pa ntchito. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwa ovutikawo, pafupifupi 16 okha mwa 100 ndiwo anakafuna thandizo kwa madokotala a maganizo, mwina chifukwa choopa kuti anzawo ndi aphunzitsi awayesa ofooka.