Cifukwa cake mankhwala a nkhawa amayamba ndi kulanda tulo

KATETE – Odwala ena amene alemberedwa mankhwala a matenda a nkhawa amawasiya sabata yaciwiri isanathe, cifukwa m'malo mopeza mtendere amayamba kudzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda kwambiri, ndipo tulo timawathawa mpaka tambala kulira.

Zimenezi n'zodziwika bwino kwa azaumoyo, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha thupi likazolowera mankhwalawo. Koma wodwala amene sanauzidwe pasadakhale amaganiza kuti wapatsidwa mankhwala olakwika, kapena kuti pali munthu amene wayamba kumuyendera usiku.

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi vutoli limakula cifukwa ca mitunda. Kwa munthu wa kumudzi, kubwerera ku cipatala kukafunsa funso limodzi kumadya tsiku lathunthu pa njinga, kapena ndalama zolipira njinga yamoto. Cimene cimaoneka capafupi ndi kuika mapiritsi padenga n'kuwaiwala.

Matenda ake ndi mankhwala ake

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa anthu anayi alionse ofunika thandizo, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amalilandira. Nkhawa ya mlimi amene akuyembekezera feteleza mvula itagwa kale imatha katunduyo akafika. Ya matenda imakhalapo kwa miyezi, imalepheretsa munthu kugwira nchito, kudya ndi kugona, ndipo mwa ena imabwera ngati mantha adzidzidzi popanda coopsa ciliconse.

M'caka ca 2023, WHO inaonjezera matenda a nkhawa m'malangizo ake a mhGAP, amene anakonzedwera azaumoyo omwe si akatswiri a matenda a maganizo, monga anamwino ndi ma clinical officer a m'zipatala zazing'ono. Malangizowo amavomereza thandizo la uphungu ndiponso mankhwala a gulu la fluoxetine. Kumene amenewa kulibe, wodwala mantha adzidzidzi angapatsidwe mankhwala akale a gulu la amitriptyline. Onsewa poyamba anapangidwira matenda ovutika maganizo, n'cifukwa cake amadziwika ndi dzina lakuti antidepressants, koma amathandizanso pa nkhawa.

Fluoxetine amagwira nchito pa serotonin, timadzi tonyamula mauthenga pakati pa minyewa ya mu ubongo. Munthu akangomwa, serotonin amayamba kuculuka pakapita maola ocepa cabe, koma ubongo umatenga masabata kuti usinthe kagwiridwe kake ka nchito mogwirizana ndi kuculukako. Mpata umenewu ndiwo gwero la mavuto. Zovuta za mankhwala zimafika m'masiku oyambirira, pamene ubwino wake umayamba kumveka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo mwa ena umafika pakatha masabata 6 kapena 8.

M'masiku oyambawo wodwala angamve nseru, mutu, kunjenjemera m'manja, kusakhazikika, maloto oopsa ndi kusowa tulo. Anthu a mantha adzidzidzi ndiwo amavutika kwambiri, cifukwa matenda awo anawaphunzitsa kale kumvetsera kugunda kwa mtima nthawi zonse, ndipo kusintha kulikonse m'thupi amakuona ngati ciyambi ca imfa. N'cifukwa cake madokotala amayamba ndi mlingo wocepa, kawirikawiri mamiligalamu 10 patsiku kwa sabata imodzi, asanafike pa 20. Amalangizanso kumwa fluoxetine m'mawa, pakuti kumwa madzulo kumaonjezera kusowa tulo.

Amitriptyline ndi wosiyana. Amagonetsa, conco amamwedwa pokagona, kuyambira pa mamiligalamu 25. Zovuta zake ndi kuuma m'kamwa, kudzimbidwa, cizungulire poimirira ndi kuthamanga kwa mtima, komwe munthu wamantha angakutenge ngati kubwerera kwa matenda.

Cimene cimacitika 2 koloko usiku

Mantha adzidzidzi a usiku sabwera ndi maloto. Amadza munthu akulowa m'tulo tofa nato, nthawi zambiri m'maola oyamba atagona. Amangodzidzimuka thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga, mpweya ukuperewera, ali wotsimikiza kuti akufa. Manthawo amafika pacimake pasanathe mphindi khumi, ndipo kawirikawiri amakhala atazilala pomatha theka la ola.

Zambiri mwa zimene zimaopsa munthu pa nthawiyo zimacokera ku kapumidwe. Kupuma mothamanga kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide wambiri m'magazi, ndipo zotsatira zake ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo, cizungulire ndi kuthina kwa pacifuwa. Munthu akaona zimenezi amaopa kwambiri n'kuyamba kupuma mothamanga koposa. Mantha otere, ngakhale ali owawa, saimitsa mtima wa munthu wathanzi.

Pali cinthu cinanso cimene anthu amacisokoneza ndi manthawa. Munthu amadzuka maso ali poyera koma thupi lili louma, sangathe kulankhula kapena kutukula dzanja, ndipo amamva ngati wina wamukhalira pacifuwa. Izi zimacitika pamene maganizo adzuka minofu ikali yomangika monga imakhalira nthawi ya maloto, ndipo zimaculuka munthu akakhala masiku osagona mokwanira. Zimatha pa masekondi kapena mphindi zocepa. M'midzi yambiri nkhani yotere imathera pa kulozana zala, ndipo amene amalozedwa kawirikawiri ndi okalamba osalakwa.

Munthu akadzidzimuka ndi mantha, coyamba ndi kukhala tsonga ndi kuyatsa toci kapena nyali. Akoke mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa ndi pakamwa akuwerenga mpaka 6, ndipo apitirize kwa mphindi zingapo. Kutulutsa mpweya kuyenera kutalika kuposa kukoka. Kuchula maina a zinthu zimene akuona m'nyumba, kapena kusamba kumaso ndi madzi ozizira, kumacotsa maganizo pa mtima. Amene amapemphera apemphere. Pemphero ndi piritsi sizilimbana, ndipo mtsogoleri wa mpingo amene amauza wodwala kutaya mankhwala monga umboni wa cikhulupiriro amamuika pangozi.

Wacibale amene ali pafupi ali ndi nchito yaing'ono koma yofunika. Akhale pambali, alankhule motsitsa mau, apume pamodzi ndi wodwala. Kudzutsa mudzi wonse, kulira ndi kufunsa mafunso ambirimbiri kumatsimikizira wodwalayo kuti zinthu zafikadi poipa.

Komabe si kubanika kulikonse kwa usiku kumene kuli mantha. Mphumu, kucepa kwa magazi, malungo, matenda a cithokomiro ndi kufooka kwa mtima zingadzutse munthu m'njira yofanana. Amene akumva kupweteka pacifuwa kwa nthawi yoyamba, amene amabanika akagona cagada miyendo ili yotupa, kapena amene wakomoka, ayenera kupimidwa ku cipatala asananene kuti ndi nkhawa cabe.

Kubweza tulo

Malangizo a kagonedwe ndi odziwika, koma ofunika kwambiri ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usiku unali woipa. Kugona masana pofuna kubweza ngongole ya tulo kumaononga usiku wotsatira. Nchito ya kumunda kapena kuyenda m'mawa dzuwa likuwala kumathandiza thupi kusiyanitsa usana ndi usiku.

Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, amene theka lake limakhala likali m'magazi pakapita maola pafupifupi asanu. Ndi bwino kulekeza masana. Fodya nayenso amathamangitsa mtima. Mowa ndiwo msampha waukulu. Kacasu kapena cibuku zimagonetsa msanga, koma mowawo ukamatha m'magazi ca m'ma 2 kapena 3 koloko munthu amadzuka mtima ukugunda, ndipo nkhawa ya m'mawa mwake imakhala yoposa ya dzulo.

Akatswiri a tulo amalangiza kuti munthu akakhala maso kwa mphindi pafupifupi 20 acoke pabedi, acite kanthu kofatsa, abwerere tulo tikamupeza. Ku cigawo ca kum'mawa, kumene malungo ndi oculuka, malangizowa afunika kuwasintha pang'ono: kukhala panja pa neti pakati pa usiku ndi kudzipereka kwa udzudzu. Kukhala tsonga m'kati mwa neti, wailesi ikulira capansipansi, n'kokwanira. Foni ndi koloko zikhale kutali, cifukwa kuwerenga maola otsala kuti kuce kumangoonjezera nkhawa.

Ngati kusowa tulo kwafika posapiririka, yankho ndi kubwerera ku cipatala tsiku lolembedwa pa khadi lisanafike. Wazaumoyo angacepetse mlingo kwa masiku angapo, kusintha nthawi yomwera, kapena kusintha mankhwala. Pa diazepam, amene anthu ena amagula mwamseri, malangizo a WHO a 2023 ndi omveka: si mankhwala ocizira matenda a nkhawa, ndipo akaperekedwa pa vuto ladzidzidzi asapitirire masiku 3 mpaka 7, cifukwa thupi limawazolowera msanga ndipo powasiya tulo timasowa koposa poyamba.

Mankhwala ena amene wodwala akumwa

Wodwala ayenera kunena mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba. Mankhwala a malungo a Coartem, amene dziko la Zambia linawasankha m'caka ca 2002 kukhala oyamba pociza malungo, sagwirizana bwino ndi amitriptyline, ndipo kampani yowapanga imacenjeza kuti kuwaphatikiza kungasokoneze kagundidwe ka mtima. Izi sizitanthauza kuti malungo asacizidwe. Zikutanthauza kuti amene akupereka mankhwala a malungo auzidwe. Fluoxetine nayenso akaphatikizana ndi tramadol angabweretse kutentha thupi, kunjenjemera, kusokonezeka mutu ndi kukomoka.

Anthu amene ali pa ma ARV adziwenso kuti dolutegravir, amene ali m'piritsi la TLD, amasowetsa tulo anthu ena, monga efavirenz ankabweretsera maloto oopsa. Kusamutsira piritsilo m'mawa kumathandiza ambiri, koma kusinthako kukambidwe ndi a ku kiliniki ya ART. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa anene za mkhalidwe wao mankhwala asanalembedwe.

Zosayenera kuyembekezera kuti kuce bwino

Pali zizindikiro zimene sizili m'gulu la zovuta zongopita. Cacikulu ndi maganizo ofuna kudzipha kapena kudzivulaza. M'caka ca 2004, bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linalamula kuti pa mankhwala onse a mtundu uwu palembedwe cenjezo lakuti maganizo otere angaculuke mwa ana ndi acinyamata m'masabata oyamba, ndipo mu 2007 linafutukula cenjezolo kufika kwa onse osakwana zaka 25. Cenjezoli silikuletsa mankhwala. Likufuna kuti banja likhale maso, makamaka mwezi woyamba ndi pamene mlingo wasinthidwa.

Zina ndi kusakhazikika kwakuti munthu sangathe kukhala pansi ngakhale mphindi imodzi, zidzolo kapena kutupa kwa nkhope, kugwa ngati wakhunyu, ndi kusintha kwa khalidwe kumene munthu amatha masiku osagona koma osatopa, akulankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama. Cizindikiro comalizaci cingasonyeze matenda ena a maganizo amene amafuna mankhwala osiyana. Zonsezi zimafuna cipatala tsiku lomwelo.

M'nyumba imene muli wodwala wa maganizo olemera, wacibale wodalirika asunge mankhwala ndi kupereka a tsiku limodzi okha. Amitriptyline womwedwa mopyola mlingo ndi woopsa ku mtima, ndipo sayenera kukhala pamene mwana angafike. Mankhwala opopera thonje, fodya ndi ndiwo za kudimba, amene amapezeka m'makomo ambiri a alimi, atsekeredwe kwina.

Kusiya mankhwala mwadzidzidzi munthu atamwa kwa masabata kumabweretsa cizungulire, nseru, kusowa tulo ndi nkhawa, makamaka pa amitriptyline. Ngakhale wodwala atacira, mankhwalawa amapitirizidwa kwa miyezi ingapo kenako n'kucepetsedwa pang'onopang'ono. Okhala kutsidya kwa mitsinje imene imadzaza m'dzinja afunse za mankhwala okwanira mvula isanatseke njira.

Poyambira kufuna thandizo ndi pa cipatala caching'ono ca m'dera. Ku Katete kuli cipatala ca St Francis, cimene cinayamba m'caka ca 1948 ndipo cimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika. Ku Sinda kuli cipatala ca mishoni ca Nyanje, ca mpingo wa Reformed Church in Zambia. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012. Odwala ofunika akatswiri amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, ndipo ocepa okha ndiwo amafika ku Chainama Hills mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1962. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa la atsamunda la 1949, limateteza ufulu ndi ulemu wa odwala matenda a maganizo.

Pobwerera ku cipatala, wodwala atenge khadi, mapaketi a mankhwala onse, ndi kapepala kolembapo nthawi imene amamwa piritsi, nthawi imene anagona ndi masiku amene mantha anabwera. Amene akufuna wolankhula naye usiku angaimbe kwaulere ku Lifeline Childline Zambia pa nambala 933, kapena 116 ngati nkhaniyo ikukhudza mwana.