Kodi Mumadziwa? Kangachepe Kamene Kamayendetsa Mabungwe

Kodi mumadziwa kuti chiboliboli chotchuka cha ku New York, Statue of Liberty, chidatsala pang'ono kusowa poima? Dziko la France lidachipereka ngati mphatso, koma ndalama zomangira maziko ake zidaperewera. Mu 1885 Joseph Pulitzer, mwini nyuzipepala ya The World, adalonjeza kuti aliyense wopereka, ngakhale kakhobidi kamodzi, dzina lake lituluka m'nyuzipepala. Anthu oposa 120,000, ana asukulu omwe, adasonkha madola oposa 100,000, ndipo zambiri zidabwera zosakwana dola imodzi pa munthu. Pulitzer adadziwa mtima wa munthu: wopereka amafuna kumva kuti dzanja lake laoneka.

Kodi mumadziwa kuti ku America, kuchimake kwa makampani akuluakulu, si makampaniwo amene amapereka kwambiri? Mu 2023 mabungwe othandiza anthu adalandira madola pafupifupi 557 biliyoni. Magawo awiri mwa atatu alionse adachokera m'matumba mwa anthu paokha. Makampani onse pamodzi sadafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi.

Nanga katemera wa poliyo? Mu 1938 Pulezidenti Franklin D. Roosevelt, yemwe miyendo yake idali yopuwala, adakhazikitsa bungwe lolimbana ndi matendawa. Anthu adapemphedwa kutumiza ku White House kandalama kachitsulo ka masenti 10, ndipo makalata adachita kusefukira. Bungwelo, lomwe lero limatchedwa March of Dimes, ndilo lidalipirira kafukufuku wa Jonas Salk, ndipo mu 1955 katemera wake adalengezedwa kuti ndi wamphamvu. Mpaka lero nkhope ya Roosevelt ili pa kandalama kameneko.

Kodi mumadziwa kuti Wikipedia ilibe malonda otsatsa? Imayendera makamaka zopereka za owerenga ake. Greenpeace nayo imakaniratu ndalama za maboma ndi makampani.

Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, lomwe lagwirapo ntchito ku Chiradzulu, Nsanje ndi Blantyre, limapeza pafupifupi ndalama zake zonse kwa anthu ndi magulu omwe si aboma, ndipo opereka paokha ndi oposa 7 miliyoni. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Bungwe lodalira wopereka mmodzi wamkulu limatsokomola iyeyo akatsokomola. Tidaziona tokha mu 2025 pamene boma la America lidaimitsa thandizo la USAID: ntchito zambiri zaumoyo kuno kwathu zidagwedezeka, anthu n'kutsala manja ali m'khosi. Anthu 7 miliyoni sangasiye kupereka tsiku limodzi.

Kodi mumadziwa kuti phala lomwe ana amamwa m'masukulu ambiri muno limachokera ku zopereka zotere? Mary's Meals, bungwe lomwe adayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, lidayamba mu 2002 ndi ana 200 okha m'Malawi. Lero limadyetsa ana oposa 2 miliyoni m'mayiko osiyanasiyana. Popempha, iwo amatchula mtengo wodyetsera mwana mmodzi chaka chonse cha sukulu, kuti wopereka aone kapu ya phala m'manja mwa mwana, osati chiwerengero chabe. Tisaiwalenso amayi odzipereka amene amalawirira mbandakucha kukasonkha moto pansi pa miphika ikuluikulu ija. Nthawi yawo ndi chopereka chenicheni.

Kodi mumadziwa kuti kupatsa sikuyendera kulemera kwa dziko? Pa kafukufuku wa World Giving Index wa 2024, Indonesia idali patsogolo, Kenya pa nambala 2. Ku Kenya komweko, chilala chitavuta mu 2011, anthu wamba pamodzi ndi makampani adasonkha mashilingi mamiliyoni mazanamazana, ambiri kudzera pa M-Pesa, pa kampeni ya Kenyans for Kenya.

Amene muli ku Britain ndipo mumalipira msonkho, mvetserani: mukavomera Gift Aid, pa paundi iliyonse yomwe mwapereka ku bungwe lolembetsedwa, boma limaonjezerapo mapeni 25.

Koma kodi mumadziwa kuti ku America, mwa anthu asanu opereka koyamba ku bungwe, pafupifupi anayi sabwereranso chaka chotsatira? Ine ndimaona kuti ambiri amachoka chifukwa sadamve zikomo, ndiponso sadauzidwe komwe ndalama yawo idapita. N'chifukwa chake zomwe zidachitika mu Januwale 2021 n'zofunika kuzikumbukira. Covid-19 itafika povuta, zipatala zikusowa mpweya wothandizira odwala kupuma, mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake adapempha Amalawi pa Facebook kuti asonkhe. Ankalengeza poyera ndalama zomwe zalowa ndi zipangizo zomwe zagulidwa. Anthu am'dziko muno ndi okhala kunja adapitiriza kutumiza, ndipo masilinda a mpweya adafikadi m'zipatala.